Kampata Kamene Elube Anatseka

Iwe Tiyese, ika foniyo pansi. Ndati ika pansi! Ukuseka chiyani? Amako ali ku Lilongwe, foni yawo ikuti ali kuno kumudzi, ndiye mano onse panja ngati mutu wa mbuzi yowamba? Khazika mutuwo ndimalize kuluka, ukagwedezanso ndikuzula tsitsi. Lolemba ukuti ukukayamba ntchito ya mapu, yomwe ija amako anaisiya. Dipuloma uli nayo, makutu ndiye sindikudziwa. Ine kusukulu ndinangosuzumirako, koma malire a munda wanga palibe wa tayi angandisonyeze. Tamvera tsono, ndipo sindibwereza.

Nthawi imeneyo iwe unali ndi zaka zitatu, ukukhala ndi ine kuno kwa Nkhwidzi, m'nyumba yomweyi. Amako, Elube, ankagwira ntchito m'tauni ku kampani ina yojambula mapu a minda. Amuna a magambuti ankayenda m'midzi atagwira kachipangizo konga foni, amati jipiesi. Akafika pakona ya munda adina, kadontho kalowa. Pakona ina adina. Madontho aja akalowa mu kompyuta amagwirana manja n'kukhala munda.

Tsono amuna amalakwitsa, umawadziwa. Wina wayenda ali ndi njala, wina wathawa galu. Ntchito ya Elube inali yogwira zolakwikazo. Munda uyenera kutsekeka ngati khola, pamene mzere wayambira ndi pomwepo uthere. Minda iwiri isakwerane. Mzere usadzipingase wokha. Ndipo pakati pa minda yogundana pasatsale mpata. Kompyuta ikaona cholakwika inkafiiritsa pamalopo, iye n'kukonza. Ku ofesi ankamutcha Sefa, chifukwa panalibe kachitsotso kodutsa m'manja mwake. Ameneyo ndi mwana wanga, wobala ine.

Koma kwa iye munda sunali wa a Uje kapena a Uje. Unali nambala. Munda wa agogo ake omwe unasanduka nambala.

Tsiku lina chofiira chinatuluka pakati pa munda wa 412 ndi wa 413. Kampata kowonda ngati chingwe, kotalika kuchokera m'mphepete mwa nyumba za anthu mpaka pa kankhalango kena. Elube anaitana amene anayenda kumeneko, mwamuna wina wamtali, wokonda kuseka, dzina lake Sipiriyano.

"A Sipi, tabwerani. Apa munayenda ndi miyendo kapena ndi kachasu?"

"Asisi, ine ndine wa kwaya, mundipepese."

"Wa kwaya, taonani mpata mwasiyawu. Mufuna muzidutsa mbewa?"

Sipiriyano anawerama, n'kukanda m'mutu. "Aa, pamenepo ndakumbuka. Panali madala ena anandigwira malaya. Akuti apa dumphani, si pa munthu. Ndinalemba m'kope."

"Kopelo lili kuti?"

"Linanyowa ndi mvula ya Malichi ija. Linasanduka phala."

"Ndiye ine ndifunse phala? Lamulo likuti mpata wosakwana mamita awiri ndi dzanja lonjenjemera basi. Uwu ndi mita imodzi ndi theka."

Anagwira mzere wa 413, n'kuukoka, n'kuumata pa 412. Chofiira chija zii. Tsiku limenelo anakonza zolakwika mazana atatu, ichi sanachiganizenso.

Iwe ukuidziwa njira ija imayambira pa mwala wosweka kupita kumasuku? Ija ndinakumenyera utafuna kudulirapo popita kuchigayo? Ndi imeneyo. Njira ya maliro. Palibe amalimapo, palibe amadutsapo ndi ndowa pamutu, ngakhale mbuzi timazikusa zikayamba kudya pamenepo. Bambo ake a Elube anadutsa pomwepo. Koma kuyang'ana kuchokera kumwamba, monga imachitira kompyuta, mudzi wako sungaudziwe. Elube anatseka njira ya kumanda a kwawo, akutafuna chingamu.

Mapu anadindidwa, mapepala anabwera. Munda wa 413 unali utapita m'manja mwa bambo wina wa m'tauni wofuna kuweta nkhuku zambirimbiri. Anayang'ana pepala, anayang'ana pansi, n'kukoka waya waminga mpaka kukagunda 412. Njira yonse m'kati. Analimitsapo mizere. Ife tinakalankhula, iye akuti, "Agogo, pepala ndi ili." Ndinamuuza kumene angaliike pepalalo, koma waya sanachotse. Ndipo panalibe amene ankadziwa kuti dzanja lachita zimenezi ndi la pakhomo pano.

Patapita milungu itatu, mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, Elube anafika kuntchito Lolemba m'mawa n'kupeza masamba pakhomo la ofesi. Nthambi zitatu zaziwisi, zoyala mopingasa, mmene timayalira pamsewu kukagwa maliro. Masamba a msuku. Kumeneko kulibe msuku, kuli timaluwa ta m'zitini tokhatokha. Mlonda anasesa akung'ung'udza, anthu anaseka, Elube anadumpha n'kulowa.

Anayatsa kompyuta kuti ifufuze monga mwa masiku onse. Cholakwika chimodzi. Chimodzi chokha, pa mapu amene iye anali atawayeretsa kalekale. Kamzere kolendewera, kosagwira kanthu. Kanayambira pa kankhalango kaja, kulowa m'munda wa 413, n'kungothera pakati ngati munthu waiwala chimene amatsata.

"Ndani akuseweretsa mapu anga?" anafunsa. Onse anakana. Anakafufuta.

Lachiwiri kanabwerera. Tsopano kanali katatalika, katadutsa 413 wonse n'kulowa m'munda wina.

Kompyuta imasunga zonse, amene walowetsa chinthu ndi nthawi yake. Elube anayang'ana. Jipiesi nambala seveni. Nthawi, thwelofu koloko masana. Anapita kwa bwana wawo, a Thunde, amene ankasunga makiyi a kabati m'thumba la buluku.

"Bwana, nambala seveni ili ndi ndani?"

"Ili m'kabati chiyambire Juni. Bwanji?"

Anatsegula. Inalimo, mabatire atachotsedwa, mmene anaisiyira. Koma m'mipata ya mabatani munali dothi lofiira. Elube analikhudza ndi chala. Lonyowa. Mvula yoyamba inali isanagwe n'komwe. Ndipo silinali dothi la pamwamba ayi, linali lija lozizira, limene limatuluka dzenje likafika m'khosi.

"Chinyezi cha m'kabati," anatero a Thunde, n'kupukuta m'manja pa buluku. Anapukuta nthawi yaitali.

Lachitatu Elube sanapite kukadya. Anauza Sipiriyano kuti akhale naye. Anzawo onse anatuluka, iwo awiri maso pagalasi la kompyuta. Sipiriyano ankayesa nthabwala.

"Asisi, tikamugwira wakubayu, ine ndigwira miyendo, inu mumufufute."

Elube sanaseke. Fani ya kudenga inayamba kuzungulira mwaulesi, mwaulesi, n'kuima. Magetsi analipo. Kunja magalimoto anangoti zii, ngati wina watseka chitseko cha dziko. Kenako fungo. Fungo la dothi longokumba kumene.

Kadontho kanatuluka kumapeto kwa mzere uja. Palibe anakhudza kanthu. Kena. Kena. Pang'onopang'ono, motalikirana mofanana, mayendedwe a anthu osathamangira. Atafika madontho ngati makumi awiri, anaunjikana pamalo amodzi, asanu, asanu ndi limodzi, kenako n'kupitiriza.

"Aima chifukwa chiyani pamenepo?" Elube ananong'ona.

Sipiriyano milomo inali itauma, yotuwa. Iye anakulira kumudzi, maliro anasenzapo.

"Akusinthana mapewa," anatero.

"Mwati chiyani?"

"Awa ndi anthu osenza, asisi. Taonani kumbuyoku. Apa anaima, apa anaima, apanso. Munthu mmodzi sayenda chonchi. Asenza chithatha." Chithatha ndi chija cha nsungwi chonyamulira maliro, iwe wangoona mabokosi a galasi. Sipiriyano analoza pagalasi. "Koma asisi, akulakwitsa. Anthu osenza amalowera kumanda. Awa akuchokerako."

Fani inayambanso kuzungulira. Madontho anasiya.

Elube anakhala osaphethira. Kenako anatenga rula ya patebulo n'kuigoneka pagalasi motsata mzere uja. Unali wowongoka, sunkakhota pa chulu, sunkalambalala dambo. Kutsogolo kwake, rula inakagunda kabokosi kamodzi, nyumba nambala 88. Anayatsa chithunzi chojambula kuchokera kumwamba, chija sankachiyatsa chifukwa akuti chimachedwetsa ntchito. Anakulitsa. Anakulitsanso.

Mtengo wa mango wogawikana pawiri. Khola la nkhunda kumbuyo. Denga la malata adzimbiri, koma lata limodzi lowala, latsopano, limene iye mwini anabwera nalo pa Isitala.

Sipiriyano akuti amako sanakuwe. Anangoika manja pamutu. Kenako anatenga rula ija n'kuyeza za Lolemba, za Lachiwiri, za Lachitatu, n'kuyeza malo otsala. Masiku awiri. Lachisanu masana adzakhala pakhomo pano.

Foni yanga inalira ndili kumtondo.

"Amayi, Tiyese ali kuti?"

"Moni sapereka masiku ano?"

"Amayi, mwana ali kuti!"

Ndinamuuza zoona. Iwe unali utatentha thupi chiyambire Lolemba, kuchipatala akuti malungo mulibe. Usiku unkagona bwino. Koma dzuwa likafika paliwombo unkadzuka pamphasa, kukaima pakhomo apo, n'kumabayibitsa kuminda. Kuminda kopanda munthu, mbee, mizere yokhayokha. Ndipo ndinamuuzanso china. M'minda ya kumusi munali mutapezeka mkwasa, mizere itaphwanyikaphwanyika ngati padutsa khamu. Eni ake akaunga m'mawa, masana yaphwanyikanso, n'kuonjezera kutsogolo. Agalu onse a m'mudzi anali atasamukira kutsidya kwa mtsinje.

"Amayi," anatero Elube, mawu ang'onoang'ono ngati a mwana, "pakati pa munda wa bambo wa nkhuku ndi wa a Nasikelo pali chiyani?"

"Panali njira ya maliro. Chitsiru china cha mu ofesi chinaitseka ndi cholembera."



"Chitsirucho ndine, amayi."

Ndinakhala pansi pomwepo, m'madeya.

Lachinayi m'mawa Elube anayesa kubweza zimene anachita. Anagwira mzere wa 413 n'kuukokera m'mbuyo. Akausiya, unkabwerera wokha, phaa, ngati mphira wa legeni. Madontho akale a Sipiriyano anali atawafufuta yekha tsiku lija, ndipo kompyuta sinkalola mpata wongoganizira. Inkafuna madontho a munthu amene wapondapo ndi mapazi. Anapita kwa a Thunde.

"Bwana, ndipatseni nambala seveni. Ndikayendenso."

"Elube, mapu aja anadindidwa. Ukufuna ndilembe chiyani mu lipoti? Kuti akufa adandaula?"

"Lembani kuti Sefa inabooka."

"Chipangizo cha kampani sichituluka popanda kalata. Ukatuluka nacho, usadzabwerenso."

Elube anatambasula dzanja. A Thunde anamuyang'ana, anayang'ana kabati, kenako anaponya makiyi patebulo ngati akuwotcha. Sipiriyano anamupatsa mabatire ake atsopano, osanena nthabwala ngakhale imodzi.

Elube anatsika minibasi pa siteji dzuwa litapendeka, n'kukwera kabaza. Atadutsa mlatho, wakabaza anagwira mabuleki, anatsika, anavula chipewa. Masamba a msuku anali pamsewu, mopingasa.

"Maliro a ndani, achimwene?"

"Sitinamve, mayi. Chiyambire Lolemba timangowapeza. Tikafunsa m'midzi, aliyense akuti kwathu kuli bwino."

Anayenda wapansi, njinga akukankha. Patsogolo pang'ono, m'mbali mwa msewu, panakhala amayi anayi, miyendo atatambasula, zitenje atafunda kumutu mpaka nkhope zosaoneka. Elube ananjuta.

"Mwaswera bwanji, amayi?"

Mmodzi anangosuntha mwendo, kumupatsa malo oti akhale. Chitenje cha ameneyo Elube anachidziwa, cha mbalame zachikasu. Tinawafunditsa azakhali ake tsiku lowaika, iye ali folomu thu.

"Mukupereka moni kwa ndani?" anafunsa wakabaza. Sanadikire yankho. Anatembenuza njinga, n'kumusiya pomwepo ndi chikwama chake.

Elube anafika kuno mapazi atatuwa. Anakunyamula, iwe wotentha ngati mbaula, osamuzindikira n'komwe. Ine ndinali nditaitana kale a Gwedeza, mkulu wa adzukulu, amene anakumba manda a mudzi uno zaka makumi anayi. Ndi omwe aja anamugwira malaya Sipiriyano. Munthu wa pakamwa poipa kuposa ine.

"Ndiye ndiwe, mwana wa Nangozo?" anatero. "Tinkati sukulu ikutsegula maso, kani ikutseka njira. Bambo ako ndinawasenza ine pamenepo, olemera ngati thumba la mchenga, lero wawatchingira ndi waya ngati nkhuku."

"Sindinadziwe, agogo."

"Unafunsa?"

Elube anawerama.

"Njira ija si yopita kokha," anatero a Gwedeza. "Eni ake amayendamo. Apeza potseka, abwera kudzaona watseka. Tsono aja sadziwa kubwera chimanjamanja n'kubwereranso chimanjamanja."

Anayang'ana iwe. Tonse tinayang'ana iwe.

"Ndimuthawitse," anatero Elube. "Ndipite naye m'tauni pompano."

"Masamba anakupeza kuti Lolemba? Watseka kawiri, pansi ndi papepala. Wayayo tidula ife. Za papepala n'zako. Mawa ukawachingamire pamango, uwatsogolere panjira yawo, uziilemba ndi kanthu kakoko uku akuona. Nsapato uvule. Usacheuke. Usapereke moni. Akaima, ima. Akakupatsa, landira."

"Akandipatsa chiyani?"

"Ine ndimakumba, sindimasulira."

Lachisanu m'mawa adzukulu anapita ndi pulayazi ndi makasu. Bambo wa nkhuku anabwera ndi pepala lake akukalipa, koma ataona mkwasa uja ukudutsa pansi pa waya wake, waya osaduka, anapinda pepala n'kulowa m'galimoto. Adzukulu anadula waya, anasalaza mizere, kuyambira pa mwala wosweka mpaka kumasuku. Pofika leveni koloko aliyense anali m'nyumba mwake, zitseko zotseka. Mudzi wonse wa Nkhwidzi, masana dzuwa likuwala, ngati mulibe munthu.

Elube anaima pansi pa mango apo, wopanda nsapato, chitenje kumutu, jipiesi m'manja, msana ataulozetsa kuminda. Ine ndinakhala pakhomo nditakupana ndi miyendo. Nyenje zinkalira, zinkalira, kenako zinangoti duu, zonse nthawi imodzi.

Iwe unadzuka. Unali usanalankhule masiku awiri.

"Agogo, abwera ambiri," unatero. "Akuti ndikwere."

Unandikoka ndi mphamvu za munthu wamkulu. Ndinakugwira tsitsi lomweli.

Zotsalazi amako anandiuza kamodzi kokha, ndipo sanadzazitchulenso. Akuti choyamba chinali kuzizira kumsana, ngati waima pakhomo la phanga. Kenako mapazi, ambiri, opanda nsapato, akukhwekhwereza m'fumbi. Kenako nsungwi, kwii, kwii, kulira kwa chithatha chopanda kanthu, chopepuka, chikudumphadumpha pamapewa. Zinaima kumbuyo kwake, pafupi moti mpweya unkagwedeza chitenje chake. Koma sunali mpweya wa kupuma.

Anafuna kunena kuti pepani. Anakumbuka, analuma lilime. Anadina batani. Pii.

Anaponya phazi kulowera ku mwala wosweka. Kumbuyo kunali chete. Anaponya lina. Chete. Iwe unkalira kuti akusiya, akusiya. Elube anadinanso, pii, misozi ikutsikira m'khosi, n'kuponya lachitatu.

Kwii.

Osenza aja anatembenuka. Anamutsata.

Ine ndinaona ndi maso angawa mwana wanga akuyenda yekha pabwalo, kumbuyo kwake fumbi likudzuka lokha, lalitali ngati kuchokera pano kufika pa mjigo.

Anafika pa mwala wosweka, analowa m'njira. Anatsata mphepete ya kumanja, chifukwa kuti njira ikhale njira pa mapu, uyenera kupita ndi mbali imodzi n'kubwerera ndi inayo, kuti mzere utsekeke. Mapazi asanu, pii. Mapazi asanu, pii. Dothi linkaotcha, iye osamva. Atayenda madontho makumi awiri, mapazi a kumbuyo anaima. Iye anaima. Anamva nsungwi zikusuntha, wina akuchoka, wina akulowa. Anapitiriza. Anaimanso kachiwiri. Kachitatu.

Kachinayi, wina anachoka, koma palibe analowa.

Anadikira. Anadikira. Kenako nsungwi yozizira inatsika pang'onopang'ono, n'kukhala paphewa lake la kumanja.

Analandira.

Tiyese, chithatha chija chinabwera chopanda kanthu. Anachimva yekha pamango chikudumphadumpha. Koma paphewa pake chinkalemera. Osati kulemera kwa mwana, anakuberekapo, kulemera kwako ankakudziwa. Osatinso kwa mwamuna. Akuti kunali kulemera kwa mkazi mmodzi wowonda, wosadya bwino, wa msinkhu ngati wake. Ndipo kuchokera pamwambapo, pafupi ndi khutu lake, kankalendewera kansonga ka chitenje. Anangokaona ndi ngodya ya diso. Maluwa ake anali omwewo a chitenje chimene iye anafunda.

Sanacheuke. Mwana wanga ameneyo. Anasenza ndi phewa limodzi, dzanja lina likudina, pii, pii, mpaka mthunzi wa masuku unamugwera. Pamenepo nsungwi inanyamuka yokha. Mapazi anamudutsa mbali zonse ziwiri, ngati madzi akulambalala mwala, n'kulowa m'mitengo. Wina pomudutsa anamukhudza pachigongono, kawiri, mmene ankachitira bambo ake akafuna kuti asunthe panjira.

Nyenje zinayambanso.

Anabwerera ndi mphepete ya kumanzere, akudina mapazi asanu alionse, ndipo kachipangizo kankalira bwinobwino, anakamva. Atafika pabwalo anakupeza iwe uli thukuta kamukamu, ukulirira phala. Unadya mbale ziwiri. A Gwedeza anatuluka, anamuyang'ana Elube kuyambira kumapazi mpaka kumutu, ndipo kwa nthawi yoyamba chibadwire sanapeze chonyoza. Anangovula chipewa. Elube anawauza kuti avale. Iwo anakana.

Lolemba Elube anakabweza jipiesi. A Thunde anadzitsekera mu ofesi yawo. Sipiriyano ndi amene analumikiza chingwe, madontho n'kulowa. Ulendo wopita unalipo wonse, kuyambira pamango, mwala wosweka, malo anayi oima paja, mpaka kumasuku. Mzere wachilendo uja unali utachoka wokha.

Ulendo wobwerera panalibe. Ngakhale kadontho kamodzi.

"Mwina mabatire," anatero Sipiriyano. Anayang'ana. Anali odzaza.

Anauza kompyuta kuti ifufuze. Cholakwika chimodzi. Mzere wapita, sunabwerere, njira sinatsekeke. Chofiira chili pa kadontho komaliza, pansi pa masuku, ndipo pambali pake palembedwa dzina la woyenda. Elube.

"Asisi, n'zosavuta izi," anatero Sipiriyano. "Ndingokoka apa n'kumata apa, zitsekeka."

Dzanja lake linali litayamba kale kusuntha. Elube analigwira mpaka zikhadabo zinalowa.

"Mukatseka, mwatsekera ndani m'kati?"

Sipiriyano anabweza dzanja n'kuliika m'thumba. Elube analemba pambali pa chofiiracho kuti chisakhudzidwe, anatenga kapu yake ya tiyi, n'kutuluka. Sanabwererenso.

Papita zaka zingati, werenga wekha, ndiwe wa dipuloma. Amako ali moyo, amadya, amagulitsa nsalu zawo, amakukalipira. Koma unawaonapo atakoleka chikwama phewa la kumanja? Unawaonapo akudya masuku? Ndipo mafoni asintha angati? Asanu? Iliyonse akangoigwira, kadontho kabuluu kaja kosonyeza pamene munthu ali kamathawa m'tauni, kudzakhala kuno, kumusi uko, pansi pa mitengo. Iwe n'kumaseka kuti amama sadziwa foni.

Bwanji wasiya kuseka? Tseka pakamwapo, mulowa ntchentche.

Mapu aja sanatayidwe. Amangosamuka kompyuta ina kupita ina, ndipo tsiku lina adzafika patebulo pako. Udzafufuza, chidzatuluka chofiira chimodzi kwa Nkhwidzi, chili ndi dzina la amako. Bwana wako adzati yeretsa. Mawu aja analemba pambali mwina anafufutika kalekale. Chala chako chidzayabwa, ndikukudziwa, ndiwe mwana wa Sefa.

Tsono tembenuka, undiyang'ane. Tsitsi ndimaliza ukayankha. Mpata ukaupeza pakati pa minda, uyamba wachita chiyani usanaukhudze? Ufunsa ndani? Nanga chofiira cha kumasuku uchita nacho chiyani? Nena zonse, kuyambira pa 412 mpaka pa dzanja la Sipiriyano, mmene ndakuuzira ine. Ukadumpha kadontho kamodzi, tiyambiranso.